Mbiri ya Ntchito Yosunga Nyimbo za M'magemu

Nyimbo za m'masewera a pakompyuta, amene anthu ambiri amangowatchula kuti magemu, zinayamba kusonkhanitsidwa ndi kusungidwa mwadongosolo ndi anthu wamba ongodzipereka, kalekale makampani amene anazipanga ndiponso nyumba zosungira mbiri asanaone kuti nyimbozi n'zoyenera kuzisamala. Chimene chinachititsa zimenezi chagona pa kapangidwe ka nyimbozo. M'magemu oyambirira nyimbo sinkajambulidwa monga imajambulidwira nyimbo ya pakaseti kapena pachimbale, koma inkalembedwa ngati malangizo a pakompyuta, ndipo kachipangizo ka mawu kamene kanali mkati mwa makina ndi kamene kankawerenga malangizowo n'kumatulutsa nyimbo pa nthawi imene munthu akusewera. Zinali ngati manotsi a m'buku la nyimbo, amene samveka pokhapokha patapezeka kwaya yowaimba, moti makina akawonongeka kapena akasiya kupangidwa, nyimbo nayonso inkasowa woiimba ngakhale malangizo ake akadalipo.

Tizipangizo timeneti tinali ndi mphamvu zochepa kwambiri. Gemu ya Space Invaders, imene kampani ya Taito inatulutsa ku Japan mu 1978, inali ndi manotsi 4 okha obwerezabwereza amene ankathamanga kwambiri adani akamayandikira. Kompyuta ya Commodore 64, imene inatuluka mu 1982, inali ndi kachipangizo kotchedwa SID kamene anakonza Bob Yannes, ndipo kankatha kuimba mawu 3 okha nthawi imodzi, pamene makina a Famicom a kampani ya Nintendo, amene anatuluka mu 1983, anali ndi njira 5 zotulutsira mawu. Gemu yonse ya Super Mario Bros. ya mu 1985, kuphatikizapo zithunzi ndi nyimbo za Koji Kondo, inakwana pamalo osapitirira makilobayiti 40. Kuperewera kwa malo kotereku kunachititsa kuti opeka nyimbo ambiri, monga Rob Hubbard ndi Martin Galway a ku United Kingdom, azilemba okha mapulogalamu oimbira nyimbo zawo, ndipo pafupifupi aliyense anali ndi kalembedwe kake. Mfundo imeneyi ndi imene inadzavutitsa osunga nyimbo patapita zaka, chifukwa panalibe njira imodzi yotsegulira nyimbo zonse.

Ku Japan makampani anazindikira msanga kuti nyimbozi zikhoza kugulitsidwa pazokha. Mu 1984 Haruomi Hosono, wa gulu loimba la Yellow Magic Orchestra, anakonza chimbale chotchedwa Video Game Music kuchokera ku magemu a kampani ya Namco, ndipo mu 1987 Koichi Sugiyama anatsogolera oimba pa konsati ya nyimbo za Dragon Quest ku Suntory Hall mumzinda wa Tokyo. Komabe zimbale zoterezi zinkatuluka za magemu otchuka okha, ndipo ku Ulaya ndi ku America zinali zosowa kwambiri. Kumeneko achinyamata okonda Commodore 64 ndi amene anayamba kuzula nyimbo m'magemu, kutanthauza kufufuza m'kati mwa pulogalamu ya gemu mpaka kupeza chigawo chimene chimaimba nyimbo, n'kuchilekanitsa ndi zina zonse kuti chiziimba chokha. Cha m'ma 1990 kunatuluka pulogalamu ya PlaySID ya pakompyuta za Amiga, imene inkatsanzira kachipangizo ka SID kuti nyimbo za Commodore 64 zizimveka popanda kompyutayo, ndipo kenako Michael Schwendt analemba ina yotchedwa SIDPLAY. Mapulogalamu otsanzira makina ena chonchi amatchedwa emulator, ndipo mbali yaikulu ya ntchito yosunga nyimbozi inatsamira pa iwo.

Chaka cha 1996 n'chofunika kwambiri m'mbiri imeneyi, chifukwa m'chaka chimenecho munayambika nkhokwe ziwiri zotsatira mfundo zosiyana. Yoyamba ndi High Voltage SID Collection, imene inaphatikiza timagulu ta nyimbo za SID timene tinali balalabalala, n'kuchotsa zobwereza, kukonza zowonongeka ndi kuzisanja potsatira mayina a opeka. Nkhokwe imeneyi ikuwonjezeredwabe mpaka pano, ndipo ili ndi nyimbo zoposa 50,000. Yachiwiri ndi Video Game Music Archive, imene anayambitsa Michael Newman kumapeto kwa chakacho, ndipo inkalandira mafayilo a MIDI, amene ndi mafayilo ang'onoang'ono osunga manotsi okha popanda mawu enieni a chida choimbira. Amene ankapereka mafayilowa ankamvetsera nyimbo ya m'gemu mobwerezabwereza n'kumailemba notsi ndi notsi mongodalira khutu, ndipo chifukwa intaneti ya nthawi imeneyo inali yoyenda pang'onopang'ono pa mawaya a telefoni, kuchepa kwa mafayilowo kunawathandiza kufalikira msanga. Njira yachiwiriyi inaphunzitsa anthu ambiri luso la nyimbo, koma kwa wofufuza mbiri njira yoyamba ndiyo inali yodalirika, popeza imasunga chimene wopeka analemba yekha, pamene fayilo ya MIDI imasonyeza mmene womvera wina anaimvera nyimboyo.

Zaka zotsatira zinabweretsa mitundu ya mafayilo yogwirizana ndi makina osiyanasiyana, ndipo mtundu uliwonse unathetsa vutoli mwa njira yake. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Kevin Horton anakonza mtundu wa NSF wa nyimbo za Famicom, umene umasunga pulogalamu yoimbira pamodzi ndi manotsi ake, ndipo wozula nyimbo amayenera kupeza malo awiri m'pulogalamuyo, pamene nyimbo imayambira ndi pamene makina amabwererapo kambirimbiri pa sekondi kuti nyimbo ipitirire. Makina a Super Famicom a mu 1990 anali osavuta pa mbali imeneyi, chifukwa gawo lawo la mawu, limene inapanga kampani ya Sony, linali ndi malo akeake osungira zinthu okwana makilobayiti 64, moti kungokopera zonse za m'malowo pa nthawi imene nyimbo ikuyamba kunkapereka fayilo ya SPC. Mtundu wa VGM, umene unayamba mu 2001 pakati pa okonda makina a Sega, sukhudza pulogalamu ya gemu n'komwe, koma umalemba lamulo lililonse limene gemu ikutumiza ku kachipangizo ka mawu pamodzi ndi nthawi yake, ndipo kuphweka kumeneku kunachititsa kuti ufalikire ku tizipangizo tambirimbiri. Neill Corlett anawonjezera mtundu wa PSF wa nyimbo za PlayStation kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000.

Nyimbo zitayamba kuchuluka m'nkhokwe, panabuka funso lovuta lakuti maimbidwe enieni a nyimbo inayake ndi ati. Kachipangizo ka SID kanatuluka m'mitundu iwiri, 6581 ndi 8580, imene imasiyana kamvekedwe, ndipo ngakhale tizipangizo ta mtundu wa 6581 tokhatokha sitimveka mofanana, kotero wosunga nyimbo amayenera kulemba mtundu umene wopeka ankagwiritsa ntchito. Ma TV a ku Ulaya ankasintha chithunzi maulendo 50 pa sekondi pamene a ku Japan ndi ku America ankasintha maulendo 60, ndipo popeza magemu ambiri ankayendera liwiro limeneli, mwana wa ku London amene ankasewera Sonic the Hedgehog mu 1991 ankamva nyimbo za Masato Nakamura zikuyenda mochedwerapo kusiyana ndi mnzake wa ku Tokyo. Nyimbo zambiri za m'magemu zilibe mathero, zimangozungulira mpaka wosewera atachoka pamalopo, choncho ojambula anazolowera kuisiya nyimbo kuti izungulire kawiri kenako n'kuizimitsa pang'onopang'ono. Vuto linakula ndi njira zonga iMUSE, imene Michael Land ndi Peter McConnell anakonzera gemu ya Monkey Island 2 ya mu 1991, m'mene nyimbo imasintha potengera zochita za wosewera, moti kujambula kulikonse kumangogwira njira imodzi mwa zambiri zimene nyimboyo ikanadutsa.

Mafunso otere sakanayankhidwa ndi mafayilo okha, ndipo apa m'pamene ntchitoyi inasinthira kuchoka pa kusonkhanitsa mawu kupita pa kulemba mbiri. Osamala High Voltage SID Collection anayamba kale kusunga mndandanda wotchedwa STIL, umene umafotokoza kumene nyimbo iliyonse inachokera ndi zimene wopeka ananenapo. Kufalikira kwa mawiki, amene ndi nkhokwe za zolemba zimene aliyense wolembetsa angawonjezere kapena kukonza ndipo kusintha kulikonse kumasungidwa kuti ena akuunike, kunapereka chida choyenera ntchito yotere. Ward Cunningham anayambitsa wiki yoyamba mu 1995, Wikipedia inabwera mu 2001, ndipo pulogalamu yake ya MediaWiki inatengedwa ndi magulu ang'onoang'ono monga Video Game Music Preservation Foundation, imene imalemba za gemu iliyonse, wopeka, kachipangizo ndi mtundu wa fayilo. Mu 2007 kunayambika VGMdb, nkhokwe yolembedwa ndi anthu ambiri imene imasunga manambala a zimbale, masiku otulukira, mindandanda ya nyimbo ndi zithunzi za timabuku ta m'zimbalezo.

Gawo lolemera kwambiri la ntchito imeneyi ndi lofufuza mayina, ndipo ndi limene liyenera kulemekezedwa koposa. M'zaka za m'ma 1980 makampani ambiri a ku Japan sankalola antchito awo kulemba mayina awo enieni kumapeto kwa gemu, makamaka poopa kuti makampani ena angawakope n'kuwalemba ntchito. Manami Matsumae, amene anapeka nyimbo za Mega Man mu 1987, analembedwa ndi dzina lakuti Chanchacorin, ndipo Yoko Shimomura, amene anapeka nyimbo zambiri za Street Fighter II mu 1991, analembedwa kuti Shimo-P. Kumapeto kwa Castlevania ya mu 1986 kunalembedwa dzina lopeka lakuti James Banana, lotengera dzina la James Bernard, wopeka nyimbo za m'mafilimu oopsa a ku Britain, ndipo kwa nthawi yaitali anthu ankati nyimbo zonse n'za Kinuyo Yamashita mpaka zinadziwika bwino kuti zina mwa izo anapeka Satoe Terashima. N'zochititsa chidwi kuti ambiri mwa opeka obisika chonchi anali amayi, makamaka ku makampani a Capcom ndi Konami, moti kubwezeretsa mayina awo kwasintha chithunzi chimene anthu anali nacho cha amene anamanga luso limeneli.

Munthu wopereka thandizo ku nkhokwe yotere amagwira ntchito yofanana ndi ya wofufuza mbiri aliyense. Amasewera gemu mpaka kumapeto kuti ajambule chithunzi cha mayina, amayerekezera mayinawo ndi a m'kabuku ka chimbale cha ku Japan, amawerenga zimene opeka anayankha m'magazini akale, ndipo nthawi zina amatsegula pulogalamu ya gemu n'kupeza dzina la wopeka litabisika pakati pa manambala. Amayeneranso kusiyanitsa wopeka, wokonzanso nyimbo ndi wolemba pulogalamu yoimbira, chifukwa anthu atatuwa kawirikawiri ankasokonezedwa. Nyimbo ya Commando ya pa Commodore 64, mwachitsanzo, imadziwika ndi dzina la Rob Hubbard, koma iye anaikonzanso kuchokera ku nyimbo imene Tamayo Kawamoto anapekera gemu yoyambirira ya Capcom mu 1985, ndipo nyimbo yotchuka ya Tetris ya pa Game Boy ya mu 1989 anaikonza Hirokazu Tanaka kuchokera ku nyimbo yachikhalidwe ya ku Russia yotchedwa Korobeiniki. Pamene umboni uli wosakwanira, mwambo wabwino wa nkhokwezi ndi kulemba kuti dzinalo n'longoganizira, chifukwa dzina lolakwika likangolowa limakoperedwa m'malo ambirimbiri ndipo limavuta kulichotsa.

Zina zinatayika ndithu. Kuyambira 1995 mpaka 2000, wailesi ya St.GIGA inkaulutsa magemu kudzera pa setilaiti ku chipangizo cha Nintendo chotchedwa Satellaview, ndipo m'magemu ena nyimbo ndi mawu a ochita sewero zinkamveka pawailesi pa ola loikika osasungidwa m'makina, kotero zambiri zimene zatsala zinachokera ku matepi a VHS amene osewera anajambula kunyumba.

Ubale wa osunga nyimbo ndi eni ake a nyimbozo wakhala wovuta kuyambira pachiyambi, popeza malamulo a umwini amateteza nyimbo kwa zaka makumi ambiri ngakhale mwini wake atasiya kuigulitsa. Kumayambiriro kwa 2022 Nintendo inatseketsa mavidiyo masauzande a nyimbo zake pa YouTube, ndipo mmodzi mwa anthu amene ankaziika kumeneko kwa zaka zoposa 10 anatseka tsamba lake. Kampani ili ndi ufulu wochita zimenezi, koma kafukufuku amene Video Game History Foundation inatulutsa mu 2023 mogwirizana ndi Software Preservation Network anapeza kuti magemu 87 pa 100 alionse amene anatuluka ku United States chisanafike chaka cha 2010 sakupezekanso pamsika, ndipo nyimbo zake zimasowa limodzi nawo. Malamulo a umwiniwa ndi chifukwa china chimene nkhokwe ngati VGMdb zinasankhira kusunga mbiri ya zimbale popanda kugawa nyimbo zenizenizo.

M'zaka zaposachedwa mabungwe akuluakulu ayamba kuvomereza luso limeneli. Buku la Karen Collins lotchedwa Game Sound la mu 2008 linathandiza kuti nyimbo za m'magemu ziyambe kuphunziridwa m'mayunivesite, nyimbo ya m'Chiswahili ya Baba Yetu, imene Christopher Tin anapekera gemu ya Civilization IV, inapata mphoto ya Grammy mu 2011, ndipo mu 2023 Library of Congress ya ku United States inaika nyimbo ya Super Mario Bros. pa mndandanda wa nyimbo zofunika kuzisunga, kukhala yoyamba ya m'gemu kulowa pamenepo. Ngakhale zili choncho, kuvomerezedwa kumeneku kwafikira nyimbo zochepa zotchuka, ndipo sikunalowe m'malo mwa ntchito ya anthu ongodzipereka. Pamene Nintendo inakhazikitsa pulogalamu yake ya pafoni yotchedwa Nintendo Music mu Okutobala 2024, nyimbo zinaikidwa m'menemo popanda mayina a opeka, ndipo womvera wofuna kudziwa amene anapeka nyimbo imene ikumusangalatsa anayenera kukafufuza m'nkhokwe zimene analemba anthu wamba popanda malipiro.