Akazi a ku China pa Doko la Singapore: Malonda Awo ndi Zopereka Zawo

A Britain atatsegula doko la Singapore mu 1819, anthu a ku China amene anakhamukirako anali pafupifupi amuna okhaokha. Ankachokera m'zigawo za kummwera za Fujian ndi Guangdong, ena kukasenza katundu padoko, ena kukatsegula masitolo a mpunga, nsalu ndi mankhwala azitsamba. Mkazi ankatsala kumudzi kusamala apongozi ndi manda a makolo, maso ali kunjira kudikira ndalama. N'chifukwa chake mabungwe a amalonda, kuphatikizapo Singapore Chinese Chamber of Commerce ya mu 1906, anali m'manja mwa abambo, ndipo pamiyala ya m'makachisi ndi m'masukulu, pamene ankalembapo kuti uje wapereka zakuti, mayina a akazi ndi owerengeka. Miyalayo imabisa zambiri, pakuti akazi ankagulitsa, kusunga ndi kupereka m'njira zimene sizinkalembedwa pamwala.

Oyamba kuonekera poyera anali akazi a m'mabanja olemera a Peranakan, zidzukulu za amalonda a ku China amene anakhazikika kale ku Melaka, Penang ndi Singapore. Wodziwika kwambiri ndi Tan Teck Neo, amene ankatchedwa ndi dzina la mwamuna wake, Mayi Lee Choon Guan. Anabadwa mu 1877 n'kumwalira mu 1978. Bambo ake, Tan Keong Saik, anali wamalonda, ndipo mwamuna wake anali m'gulu la oyambitsa Chinese Commercial Bank mu 1912. Mu 1915 mayiyu ndi anzake anayambitsa Chinese Ladies' Association, iye n'kukhala mtsogoleri wake woyamba, ndipo mu 1918 boma la Britain linamupatsa ulemu wa MBE chifukwa cha thandizo lake pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Iye sankakhala m'sitolo, ndipo mtima wake unali pa Singapore ndi Britain kuposa pa China. Chimene anasiya ndi chizolowezi choti akazi akhoza kukhala ndi bungwe lawo ndi thumba lawo la ndalama.

Kusintha kwakukulu kunadza m'zaka za m'ma 1930. Chuma cha dziko lonse chitalowa pansi, mitengo ya labala ndi chitsulo cha tin inagwa, ntchito zinasowa, ndipo lamulo la Aliens Ordinance la mu 1933 linaika malire pa chiwerengero cha amuna olowa m'dzikomo. Akazi silinawakhudze mpaka mu 1938. Nthawi yomweyo mafakitale a silika a ku Shunde m'chigawo cha Guangdong, amene ankalemba atsikana ambiri, ankatsekedwa. Pakati pa 1934 ndi 1938 akazi oposa 190,000 anawoloka nyanja kupita ku Malaya, kuphatikizapo Singapore. A ku Sanshui, odziwika ndi mpango wofiira kumutu, ankasenza mchenga ndi njerwa pomanga nyumba. A ku Shunde, otchedwa majie, ankagwira ntchito zapakhomo atavala malaya oyera ndi buluku lakuda. Ambiri mwa iwo anali atalumbira kuti sadzakwatiwa: pamwambo wake mtsikana ankadzipesa yekha n'kumanga tsitsi ngati mkazi wapabanja, kulengeza kuti adzadzidyetsa yekha.

Akaziwa ankadziwa kugwira ndalama. Ankachita lendi chipinda chimodzi anthu angapo, n'kumachita chipereganyu mwezi ndi mwezi, moti wolandira ankatha kuyamba geni ya zakudya, kubwereketsa ndalama kapena kugula kanyumba. Zotumiza kumudzi zinkadutsa m'makalata otchedwa qiaopi, kalata ndi ndalama pamodzi. Wosadziwa kulemba ankapita kwa mlembi wokhala ndi katebulo m'mphepete mwa msewu ku Chinatown. Apa ndi pamene thandizo la pachibale linkakumana ndi malonda a maiko awiri, chifukwa onyamula makalatawo ndi masitolo otumiza ndalama nthawi zambiri ankayamba agula katundu ndi ndalamazo, n'kukamugulitsa ku Hong Kong kapena ku Shantou, kenaka n'kulipira mabanja. Tindalama ta wantchito wapakhomo tinkasanduka mpamba wa amalonda tisanafike kwa mayi ake. Mu 2013 UNESCO inaika makalata a qiaopi m'kaundula wake wa Memory of the World.

Chopereka cha majie chooneka ndi maso chili m'mudzi wa Shatou ku Shunde. Mwambo sunkalola mwana wamkazi wosakwatiwa kumwalirira m'nyumba ya makolo ake, ndipo dzina lake silinkaikidwa paguwa la mizimu ya banja. Mkazi amene wadyetsa abale ake kwa zaka makumi atatu ankabwerera kwawo wopanda pogonera. Majie mazana angapo a m'mudziwo amene ankagwira ntchito ku Singapore anasonkha ndalama n'kumanga nyumba yawo, Bing Yu Tang, imene inatha cha m'ma 1950. Ankakalambira momwemo, ndipo mayina a omwalira ankalembedwa pakhoma kuti otsala aziwafukizira lubani. Lero nyumbayo ndi malo osungirako mbiri yawo.

Amene sanabwerere anakalambira m'tizipinda ta Chinatown, ndipo ena anathera m'nyumba zodikiriramo imfa za mu Sago Lane, zimene boma linaletsa mu 1961. Mmodzi amene anaona mavutowa pafupi ndi Ho Yuen Hoe, wobadwa mu 1908 ku Guangzhou m'banja losauka. Ku Singapore ankapeza ndalama popesa ndi kumanga tsitsi la akazi, makamaka majie, ndipo zimene ankasunga ankagulira nyumba zochititsa lendi. Pambuyo pake anakhala sisitere wa Chibuda, ndipo mu 1969 anagwiritsa ntchito chuma chake kutsegula Man Fut Tong, nyumba yosamalira okalamba, imene oyamba kulowamo ambiri anali akazi osowa achibale. Anamwalira mu 2006. Mabuku a mbiri ya malonda samutchula kawirikawiri, chikhalirecho ankachita zimene wamalonda aliyense amachita, kupeza mpamba, kuuchulukitsa ndi kusankha kumene upite.

Chikomyunizimu chitatenga ulamuliro ku China mu 1949, maulendo anavuta, koma ndalama ndi mitolo ya zovala, mafuta ophikira ndi mankhwala zinkapitabe kumidzi, makamaka pa njala ya chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Nthambi ya Bank of China ku Singapore, yotsegulidwa mu 1936, sinatsekedwe. Deng Xiaoping anayendera Singapore mu 1978, maiko awiriwa anakhazikitsa ubale wa ukazembe mu 1990, anayamba kumangira limodzi Suzhou Industrial Park mu 1994, ndipo anasayina pangano la malonda mu 2008. Pofika 2013 China ndiye anali dziko lochita malonda ambiri ndi Singapore.

M'nyengo imeneyi akazi anayamba kuonekera pamipando ya utsogoleri wa makampani. Olivia Lum, amene anakulira muumphawi ku Kampar ku Malaysia, anayamba bizinesi yoyeretsa madzi mu 1989 ndi madola 20,000 a ku Singapore, nalowa msika wa ku China m'zaka za m'ma 1990. Kampani yake, Hyflux, inamanga fakitale yochotsa mchere m'madzi a m'nyanja ku Tianjin. Inamira m'ngongole mu 2018 n'kuthetsedwa mu 2021, ndipo anthu wamba pafupifupi 34,000 amene anaikamo ndalama zawo, ambiri a iwo okalamba, anataya zochuluka. Chew Gek Khim anadzera njira ya banja. Agogo ake, Tan Chin Tuan, ankatsogolera banki ya OCBC, ndipo mu 2008 Chew anatenga ulamuliro wa Straits Trading Company, kampani ya mu 1887 imene inayamba ndi kusungunula tin. Ndi mmodzinso wa atsogoleri a Tan Chin Tuan Foundation, thumba limene agogo akewo anakhazikitsa mu 1976, lothandiza maphunziro a ana ovutika ndi chisamaliro cha okalamba.