Kompyuta yakale: funsani za m'kati musanalipire

Munthu wa ku Chama wofuna kompyuta yotsika mtengo kawirikawiri amathera pa yakale, ya salaula, yocokera ku Chipata kapena ku Lusaka. Kusowa kwa makinawa kunaonekera poyera mu 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a kompyuta, ndipo m'masukulu ena mdima unawapeza akali kudikirana.

Posankha, ukalamba wa makina suyenera kuopsa wogula. Cofunika kuona ndi operating system, pulogalamu yaikulu yolamulira zonse. Yabwino imadula nthawi ya purosesa m'tizigawo ting'onoting'ono n'kupatsa mapulogalamu mosinthana, mofulumira kotero kuti munthu alemba kalata uku nyimbo ikulira. Amiga 1000 ya kampani ya Commodore inali kucita zimenezi mu 1985 ndi memory ya 256 KB cabe, pamene MS-DOS inali kuyendetsa pulogalamu imodzi pa nthawi. Kampaniyo inagwa mu 1994, ndipo lero Amiga ndi ya okonda kusunga zakale; mwana wa sukulu siingamupindulire.

Cenjezo lili pa Windows. Microsoft inaleka kusamalira Windows XP mu 2014 ndi Windows 7 mu 2020, conco makina otsala nazo salandiranso zotseka mipata yolowera mavairasi. Lubuntu, mtundu wopepuka wa Linux, ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makina ofooka, koma ya masiku ano ifuna purosesa ya 64-bit. Wogula afunse zimenezi ndalama zikali m'thumba, ndipo ngati ndi laputopu, ayese batire atazula waya wa magetsi.