Mapu atatuluka m'kabati

Kwa zaka zambiri mapu a dziko lino anali katundu wa m'kabati, wotsekeredwa ndi kiyi. Chiyambi chake ndi ku Britain, komwe mu 1946 boma lidakhazikitsa Directorate of Colonial Surveys. Ndege zinkauluka pamwamba pa Nyasaland zikujambula zithunzi, ndipo akatswiri ankazisandutsa mapu a mulingo wa 1:50,000, kutanthauza kuti masentimita awiri papepala ndi kilomita imodzi pansi. Anali mapu osamalidwa bwino, phiri lililonse pamalo pake. Komatu mudzi umasamuka, mtsinje umasintha njira, pomwe pepala limangokhala momwe lidasindikizidwira.

Makompyuta atafika, vuto lidangosintha malaya. A zaumoyo anali ndi mndandanda wawo wa zipatala, a zamaphunziro wa sukulu, a zamadzi wa mijigo, a zamisewu wa milatho. Aliyense ankaumirira chake ngati mbewu ya m'nkhokwe. Wofuna kudziwa kuti ndi sukulu ziti zili pamtunda pafupi ndi midzi yomwe imamira ankalemba makalata angapo n'kudikira, mvula osadikira.

Kunja zinthu zinkamasuka. Mu 2004 Steve Coast adayambitsa OpenStreetMap, mapu omwe aliyense angathe kuwonjezerapo. Mu 2008 boma la America lidayamba kupereka ulere zithunzi za setilaiti za Landsat, zomwe kale zinkagulidwa madola mazanamazana chimodzi.

Kuno kwathu chomwe chidatsegula kabati ndi madzi a m'Chigwa cha Shire. Mu 2012 boma, mothandizidwa ndi Banki Yaikulu Padziko Lonse, lidakhazikitsa MASDAP, nkhokwe ya pa intaneti yomangidwa pa pulogalamu ya GeoNode, momwe nthambi iliyonse ingaikemo mapu ake kuti ena awasanjike pamwamba pa awo. Apa ndi pomwe pagona phindu lonse. Mapu a mitsinje paokha amangouza za mitsinje, koma ukasanjikapo midzi, misewu ndi zipatala, umaona msewu womwe udzayambe kuduka ndi anthu omwe adzatsale kutsidya opanda thandizo.

Mu 2014 antchito a boma ndi ophunzira, pamodzi ndi gulu la Humanitarian OpenStreetMap Team, adayenda m'midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje atanyamula timakina ta GPS, akulemba malo a sukulu, mijigo ndi njira. Gawo limeneli ndimalilemekeza kwambiri, chifukwa setilaiti imaona denga koma sidziwa dzina la mudzi. Dzinalo limachokera kwa anyakwawa ndi amayi a pamjigo. Patangopita miyezi yochepa, mu Januwale 2015, madzi adasefukira, maboma 15 adalengezedwa kuti ali pangozi, ndipo anthu oposa 200,000 adasowa pokhala. Dera la Makhanga ku Nsanje lidasanduka chilumba. Mapu a Chikwawa ndi Nsanje anali atayalidwa kale poyera, aliyense wopereka thandizo n'kutha kuwatsegula.

 Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 adabweretsa funso lina, pomwe matope a m'phiri la Soche adakwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre: tsopano pakufunika mapu a nyumba zomangidwa m'mapiri a m'tauni, osati a m'zigwa mokha. Ntchito imeneyi ikufuna kuti khonsolo ya mzinda, a zamalo ndi a zanyengo aike zomwe akudziwa pamalo amodzi, ndi kuti pakhale munthu wolipidwa wobwerera chaka ndi chaka kukaona ngati milatho ya pa mapu idakalipo.