Mmene matimu a petanque amaphunzitsirana kuponya molunjika

Petanque ndi masewero oponya mipira yachitsulo omwe anayambira ku La Ciotat, kufupi ndi mzinda wa Marseille m'dziko la France, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Bungwe loyendetsa masewerowa pa dziko lonse la FIPJP linakhazikitsidwa m'chaka cha 1958. Madagascar ndi limodzi mwa mayiko a mu Africa omwe achita bwino pa masewerowa, ndipo linatenga chikho cha dziko lonse mu 1999 ndi mu 2016.

Wosewera amaima m'kati mwa bwalo laling'ono, mapazi onse ali pansi, n'kuponya mpira wolemera magalamu 650 mpaka 800. Cholinga ndi kuyandikitsa mpirawo ku kampira kamtengo komwe kamakhala pa mtunda wa mamita 6 mpaka 10. Timu yoyamba kupeza mapointi 13 ndiyo imapambana.

Timu ya anthu atatu imagawana ntchito. Woyamba amayandikitsa mpira ku kampirako, wina amagenda mipira ya adani kuti ichoke, pomwe wapakati amachita zonse ziwiri. Aliyense amakhala ndi mipira iwiri yokha, choncho kuphonya kamodzi kukhoza kugwetsa timu yonse.

Pa chifukwa ichi, aphunzitsi sangosiya osewera kuti aziponya mwachisawawa. Iwo amasandutsa zokonzekera kukhala mpikisano wowerengera mapointi. Oyandikitsa amawajambulira mabwalo pansi, ndipo mpira woima m'bwalo lam'kati umapeza mapointi ochuluka. Nthawi zina amaika mpira wotchinga kutsogolo kuti wosewera aphunzire kuponya m'mwamba kapena kulambalala.

Ogenda amatsatira kwambiri ndondomeko ya mpikisano wa tir de précision. M'ndondomekoyi muli zoyeserera zisanu, ndipo pa chilichonse munthu amaponya kuchokera pa mamita 6, 7, 8 ndi 9. Mipira yonse imakwana 20 ndipo mapointi sapitirira 100. Wochotsa mpira wa chandamale m'bwalo, wake n'kutsalamo, amapeza mapointi 5. Ukachoka pamodzi ndi wake amapeza 3, ndipo akangoukhudza amapeza 1.

Kusinthasintha mtunda ndi malo n'kofunika chifukwa petanque amaseweredwa pa miyala ing'onoing'ono, pa mchenga ngakhalenso pa nthaka youma. Munthu wozolowera malo amodzi amavutika akakumana ndi bwalo lachilendo.

Aphunzitsi amagawanso osewera m'magulu awiri n'kuyambitsa masewero ngati kuti zigoli zafika kale pa 11 kwa 11. Apa wosewera amazolowera kuponya mtima uli m'mwamba, anzake akumuyang'ana, monga zimakhalira pa ndime yomaliza ya mpikisano.

Mapointi a tsiku lililonse amalembedwa. Mphunzitsi akawaunika amadziwa mtunda womwe wosewera akufooka, komanso yemwe ayenera kupatsidwa udindo wogenda pa mpikisano wotsatira.