Mapulogalamu a kompyuta anafika mochedwa ku Entre Lagos

Njanji yochokera ku Cuamba, tauni ya ku Mozambique yomwe Apwitikizi ankaitcha Nova Freixo, inalumikizana ndi ya ku Malawi pa Entre Lagos ndi Nayuchi mu 1970. Masiku amenewo ntchito zosiririka pakati pa nyanja za Chiuta ndi Chilwa zinali za panjanji. Makalaliki a pachipata ankalemba katundu yense pamanja m'mabuku akuluakulu. Kenako nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inaononga njanjiyo, ndipo mtendere unadza mu 1992.

M'zaka zomwezo akatswiri a pa Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo anali atayamba kutumiza imelo. Koma Maputo ndi kutali zedi kwa mwana wa ku Mandimba kapena Ngauma. Lilongwe ndiye pafupi, ndipo kumeneko bungwe la Baobab Health linaika makompyuta ongodina pagalasi pa chipatala cha Kamuzu Central kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Amalawi n'kumalemba nawo mapulogalamu osunga mbiri ya odwala. Mu 2013 Rachel Sibande anatsegula malo a luso la kompyuta otchedwa mHub mumzinda womwewo.

Kummwera kwa chigawo cha Niassa, komwe kuli Cuamba, zinthu zinagwedezeka mu 2012, kampani ya Movitel itayamba kuimika nsanja za foni mpaka kumidzi. Chaka chotsatira Vodacom inabweretsa M-Pesa. Lero pamsika wa Cuamba mnyamata wokonza mafoni amakhala pa kabenchi, laputopu pamwendo, kachingwe kolumikiza foni yozima kali m'manja, akuikamo pulogalamu yatsopano. Ameneyu ndiye wayandikira kwambiri ntchito yolemba mapulogalamu, ngakhale anaphunzira yekha pa YouTube ndi bandulo yogula ndi ndalama za tsikulo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti pamenepa njira imaduka. Nthambi ya Universidade Católica de Moçambique inatsegulidwa ku Cuamba mu 1999 ndi maphunziro a zaulimi, zomwe n'zoyenera m'dera la thonje ndi fodya. Koma ofuna uinjiniya wa kompyuta ambiri amakwera basi kapena sitima kupita ku Nampula, Pemba kapena Maputo, ndipo ntchito amakaipezanso komweko. Alimi a thonje ndi amalonda osintha makwacha ndi mametikali pamalire amatsala akugwiritsa ntchito mapulogalamu a Chipwitikizi, pomwe iwo amatsatsa malonda awo m'Chinyanja, Chiyao ndi Chimakuwa.