Tabuleti siikudzaza? Yambani mwaona chaja

Mwaika tabuleti pa magetsi usiku wonse. M'mawa mukupeza batire lili theka. Musathamangire kunena kuti tabuleti yafa. Kawirikawiri vuto limakhala chaja.

Tengani chaja yanu muitembenuze. Muona timalemba ting'onoting'ono. Funani mawu akuti Output kapena Saída. Kutsogolo kwake kuli manambala, monga 5V 1A. Ganizirani madzi a pampopi. V ndi mphamvu imene madzi akutuluka nayo. A ndi kuculuka kwa madziwo.

Machaja akale a foni amapereka 5V 1A. Matabuleti ambiri amafuna 5V 2A kapena kuposa apo, cifukwa batire lake ndi lalikulu. Kuchaja tabuleti ndi chaja ya 1A kuli ngati kudzaza mgolo ndi kapu. Udzadzaza ndithu, koma liti?

A ikaculuka palibe vuto. Tabuleti imangotenga zimene ikufuna. Yoopsa ndi V yolakwika. Chaja yabwino ya USB imayambira pa 5V, ndipo imakweza pokhapokha tabuleti italola. Koma pali matabuleti ena okhala ndi kabowo kozungulira, kolowa kamsomali. Machaja a kamsomali amafanana maonekedwe, koma ina ndi ya 5V, ina 9V, ina 12V. Mukalowetsa ya 12V pamene pafunika 5V, tabuleti ikhoza kupsa nthawi yomweyo. Inu a sola, nanunso samalani. Batire la sola nthawi zambiri ndi la 12V. Osalumikiza tabuleti mwacindunji ayi. Pakati pake pakhale chaja yapagalimoto, imene imatsitsa magetsi kufika pa 5V.

Opanga matabuleti nawonso amatisokoneza. Ena amangolemba pabokosi kuti "imachaja msanga", osachula V kapena A. Ena amalemba W yokha. Apa musade nkhawa, ndi masamu apafupi: V kuculukitsa ndi A. 5V 2A ndiye 10W. Enanso amagulitsa tabuleti yopanda chaja m'bokosi, kusiya wogula azifunafuna yekha. Uku n'kulakwa, cifukwa amene amaluza ndalama ndi wogulayo.

Mabowo nawo ndi osiyana. Pali Micro-USB, pali USB-C imene imalowa mbali zonse ziwiri, palinso Lightning ya ma iPad akale. Kuyambira pa 28 Disembala 2024, maiko a European Union analamula kuti mafoni ndi matabuleti atsopano azikhala ndi USB-C. Kwathu kuno mitundu yonse ikadali pamsika. Matabuleti ena otsika mtengo a USB-C amakana cingwe cokhala ndi C uku ndi uku. Amalola cokhaco ca mutu waukulu mbali imodzi.

Popita kukagula chaja, nyamulani tabuleti yanu. Werengani manambala ali kumbuyo kwake kapena pa chaja yake yakale. Kenako muwapemphe ogulitsawo kuti ayese muli pomwepo, musanapereke ndalama.