Humqaq

Pa mapu a California malowa amalembedwa kuti Point Conception. Achumash, eni nthaka akalekale, amawatchula kuti Humqaq, kutanthauza "khwangwala akubwera". Ndi ndomo ya mtunda yolowa m'nyanja ya Pacific, pomwe gombe limakhota mwadzidzidzi, mphepo ili kuu, mafunde akumenya matanthwe usana ndi usiku.

Dzinali n'lolemera. Mwa chikhulupiriro chawo, munthu akatsikira kulichete mzimu wake umadzera pano ulendo wa kudziko la akufa, kutsidya kwa nyanja. N'chifukwa chake ena amati ndi Chipata cha Kumadzulo. Mu 1978, makampani atafuna kumangapo doko lolandirira gasi, Achumash anadzamanga misasa pomwepo nakhala miyezi yambiri osasuntha. Dokolo silinamangidwe.

Chimandiwawa n'chakuti mwa magulu onse a Achumash, boma la America limazindikira limodzi lokha, la ku Santa Ynez. Ena, ngakhale a m'mphepete mwa nyanja omwe makolo awo ankapalasa mabwato kufupi ndi Humqaq, akafuna kuteteza malo opatulikawa amalankhula ngati alendo.